Dzina limene linabwera ndi njala

Pafupifupi m'mudzi uliwonse muli banja limene dzina lake linayamba ngati chipongwe. Tiyerekeze abale atatu a bere limodzi, m'chaka cha njala yonga ija ya 1949 imene agogo samaliza kuisimba. Wamkulu anali atasamuka kalekale, anakapeza malo kutali, ndipo m'nkhokwe mwake munali kanthu. Awiri otsalawo njala inawapeza pakhomo. Mmodzi anamanga kamtolo n'kuwoloka mtsinje kukasuma kwa eni dera lina, lichero m'manja, khomo ndi khomo. Winayo anati ine zopempha ayi, n'kulowa m'phiri kukakumba mipama ndi kutchera mbewa. Tsidya lija ana akangomuona mlendoyo akubwera ankathamangira m'nyumba: "Amayi, Apemphapempha aja abweranso!" Wa kuphiri uja anthu anayamba kumutcha Akumbakumba.

Njala inatha. Wosuma uja anabwerera kwawo ndi timbuzi, kenaka ng'ombe, mpaka khola linachepa. Koma dzina silinapite ndi njalayo. Adzukulu ake lero ndi a kwa Apemphapempha, ndipo amalitchula osachita nalo manyazi, chifukwa iwo akamalimva amakumbukira agogo amene ng'ombe zawo zinkatseka njira pobwera kudambo. Mlendo akamva za mabanja atatuwo angayese ndi mitundu itatu, pamene eni mudzi akudziwa kuti onsewo anayamwa bere limodzi.

Umu ndi momwe Aherero, Ahimba ndi Atjimba a ku Namibia ndi ku Angola anapezera maina awo, ngakhale kuti iwo chimene chinawabalalitsa kwenikweni chinali mfuti.

Ahimba ambirife tinawaonapo pa chithunzi: amayi ofiira thupi lonse, tsitsi lopotedwa zingwezingwe zokhuthala, chigoba choyera cha nkhono ya m'nyanja chili pachifuwa. Alipo pafupifupi 50,000. Kwawo ndi kumpoto chakumadzulo kwa Namibia, m'chigawo cha Kunene, dera limene kale linkatchedwa Kaokoland, ndiponso tsidya lina la mtsinje wa Kunene, m'dziko la Angola. Ndi dziko la miyala ndi mapiri ouma. M'madera ambiri mvula siipitirira mamilimita 300 pachaka, ndipo ukamalowera kumadzulo, kufupi ndi chipululu cha Namib, siifika ngakhale 100. Khasu lokha silingadyetse munthu kumeneko. Timinda ta chimanga ndi mchewere tilipo ndithu m'mbali mwa mitsinje, koma moyo uli m'khola: ng'ombe, mbuzi ndi nkhosa. Chakudya cha tsiku ndi tsiku ndi phala lolimba ndi chambiko, chimene iwo amati omaere. Kufiira kuja ndi otjize, mafuta a mkaka osakaniza ndi mwala wofiira woperapera, n'kuthiramo utomoni wonunkhira wa chitsamba cha omuzumba. Amateteza khungu ku dzuwa ndi ku tizilombo, koma mukawafunsa eni ake adzakuuzani kuti amadzola kuti akongole.

Otsatsa maulendo a alendo amakonda kunena kuti awa ndi anthu amene sanasinthe chilengedwere dziko. Ili ndi bodza la malonda, ndipo dzina lawo lomwelo likulitsutsa.

Olemba mbiri ambiri amati makolo a anthu olankhula Chiherero analowa m'Kaokoland kuchokera kumpoto cha m'zaka za m'ma 1500, akukusa ng'ombe. Patapita mibadwo ingapo, cha m'ma 1700, ambiri anapitirira kummwera n'kukakhazikika pakati pa Namibia, kumene msipu uli bwinoko. Amenewa ndiwo mkulu uja wa nkhokwe, ndipo dzina loti Aherero linakhazikika pa iwo. Otsala ku Kaokoland anapitiriza kuweta m'mapiri mwawo, chilankhulo chomwecho, mafuko omwewo.

Tsoka linawafikira kuyambira cha m'ma 1850. Kummwera kunali magulu a Anama amene anali atapeza mfuti ndi akavalo kudzera m'malonda a ku Cape. Ng'ombe zinali ndalama: ukalanda ng'ombe, ukagulitsa kwa amalonda, upeza wonga ndi zipolopolo zolandira ng'ombe zina. Magulu awo a Swartbooi ndi Topnaar anadzakhazikika ku Fransfontein ndi ku Sesfontein, pakhomo penipeni pa Kaokoland, ndipo kwa zaka zambiri ankalowa m'deralo n'kumakokolola makola. Abusa okhala motalikirana, a mikondo ndi zibonga, sakanalimbana ndi munthu wa mfuti ali pa kavalo. Midzi inatsala mabwinja.

Apa m'pamene abale awiri aja anasiyana njira. Ambiri anawoloka Kunene n'kukagwa m'manja mwa Angambwe a kummwera kwa Angola, akupempha chakudya ndi malo okhala. Malinga ndi nkhani imene olemba mbiri ambiri amaitsatira, Angambwewo ndiwo anawatcha ovaHimba, kutanthauza opemphapempha. Amene anakana kuwoloka anabisala m'mapiri, n'kumadya mizu, zipatso ndi nyama zam'tchire. Iwowa anatchedwa ovaTjimba, dzina limene amalilumikiza ndi ondjimba, nyama ija yokumba maenje usiku, yodya chiswe, imene ena kwathu amati nkumbakumba. Kwa mbusa wa ng'ombe palibe mwano woposa kumuyerekeza ndi nyama yofunafuna chakudya m'dothi. Ndipo mawuwa Aherero ankawagwiritsa ntchito pa aliyense wa mtundu wawo amene khola lake lauma. Munthu ankatha kukhala Mtjimba chaka chino, n'kudzachoka m'dzinalo akapezanso ng'ombe. Linali dzina la umphawi lisanakhale dzina la mtundu.

Fanizo lathu lili ndi malire ake pamenepa. Si Atjimba onse amene anali abusa olandidwa. M'zaka za m'ma 1960 ofufuza anapeza timagulu tochepa m'mapiri a Baynes tikusemabe mipeni ya miyala, ndipo ena amaganiza kuti amenewa ndi zidzukulu za anthu akale amene anali m'mapirimo ng'ombe zisanafike. Dzina limodzi linaphimba anthu a mbiri ziwiri.

Nanga wosuma uja anapeza bwanji ng'ombe? Apa nkhani siikoma monga momwe okonda zithunzi angafunire. Ku Angola, othawawo anagwira ntchito kwa Mabunu amene anakhazikika ku Humpata mu 1881, monga alenje ndi olondolera njira. Ena analembedwa ndi Apwitikizi kuti akamenye nkhondo zogonjetsa mitundu ina ya kummwera kwa dzikolo, ndipo malipiro ake anali gawo la ng'ombe zolandidwa. Amene analandidwa ndi mfuti anaphunzira mfuti n'kukalanda anzawo. Mtsogoleri wodziwika kwambiri pa ntchitoyi anali Vita Tom, wobadwira ku Otjimbingwe mu 1863. Vita m'Chiherero ndi nkhondo, ndipo Mabunu ankangomutcha Oorlog, mawu awo a chinthu chomwecho. Atasemphana ndi Apwitikizi anawolokera ku Kaokoland mu 1917 ndi anthu ake, mfuti ndi ziweto, n'kukhala munthu woopedwa m'deralo mpaka imfa yake mu 1937.

Nthawi imeneyo n'kuti mkulu wa nkhokwe uja ataona zakuda kuposa onse. Mu 1904 Aherero a pakati pa Namibia, motsogozedwa ndi Samuel Maharero, anaukira Majeremani amene ankalamulira dzikolo. Atagonja ku Waterberg mu Ogasiti chaka chomwecho, kazembe wa nkhondo Lothar von Trotha analamula kuti aphedwe onse, ndipo anthu zikwizikwi anafera m'chipululu cha Omaheke ndi m'ndende zozunzirako anthu. Kaokoland inali kutali, dzanja la Majeremani silinkafikako kwenikweni. Ena mwa opulumuka anathawira kumpoto n'kukaphatikana ndi Vita Tom, kukapempha pogona kwa omwe aja ankatchedwa opemphapempha.

South Africa italanda dzikolo mu 1915, boma latsopano linafuna kudziwa yemwe ndi yani kuti lizilamulira bwino. M'zaka za m'ma 1920 linazindikira mafumu atatu ku Kaokoland, Vita Tom, Muhona Katiti ndi Kakurukouje, aliyense ndi dera lake. Maina amene kale munthu ankalowamo n'kutulukamo malinga ndi khola lake analembedwa m'mabuku a boma ngati mitundu. Kenaka deralo linatsekedwa. Kugulitsa ziweto kunja kunaletsedwa poti zingafalitse matenda ku mafamu a azungu, kuwoloka mtsinje kukachita malonda ku Angola kunakhala mlandu, ndipo sukulu ndi zipatala zinachedwa kwambiri kufika. Michael Bollig, katswiri wa za chikhalidwe cha anthu wa ku yunivesite ya Cologne amene wakhala zaka zambiri akufufuza za deralo, anasonyeza kuti anthu amene m'ma 1890 ankadziwa malonda, ganyu ndi mfuti anabwezedwa mokakamiza ku moyo wongoweta basi. Zimene mlendo amaziona lero n'kumati ndi zamakedzana, mbali ina ndi zipsera za mpanda wa atsamunda. Mayi wachiherero wa ku Okahandja amavala diresi lalitali lofika pansi limene agogo ake anatengera kwa akazi a amishonale, ndi duku lopindidwa ngati nyanga za ng'ombe, lotchedwa otjikaiva. Agogo a agogo akewo ankavala zikopa ndi kudzola mafuta ofiira, ngati mayi wachihimba wa lero.

Chilankhulo ndicho mboni yosanama pa ubale umenewu. Akatswiri amachiwerenga Chihimba ngati nthambi ya Chiherero. Munthu wa ku Opuwo, kwa Ahimba, ndi wa ku Okakarara, kwa Aherero, amamvana popanda womasulira, kungoti aliyense amadziwa msanga kuti mnzakeyo ndi wa kuti. Kwa ife a Chichewa, chilankhulochi chili ngati munthu amene sunamuonepo koma nkhope yake ikukukumbutsa wina wa kwanu. Taonani maina atatu awa: omuHimba ndi munthu mmodzi, ovaHimba ndi anthu ambiri, otjiHimba ndi chilankhulo ndi chikhalidwe chawo. Chotsani o wakutsogoloyo, mutsala ndi mu, va ndi tji, ndipo tj wawoyo amamveka ngati ch wathu. Ndi dongosolo lomwe lija la Mchewa, Achewa, Chichewa. Munthu iwo amati omundu, anthu ovandu. Ng'ombe ndi ongombe, nyama onyama, mtima omutima, mvula ombura, njala ondjara, dzuwa eyuva, mwezi omweze, kudya okurya, kumwa okunwa. Mtunda wa pakati pa Opuwo ndi Lilongwe umaposa makilomita 2,000, koma mawu a pakhomo ndi a m'thupi anakana kusintha.

Komabe musanyengeke kuti mukafika kumeneko mukacheza nawo. Madzi ndi omeva, galu ndi ombwa, ndipo mbuzi ndi ongombo, yosiyana ndi ongombe pa chilembo chimodzi chokha, moti wogula wa khutu logontha akhoza kulipira mtengo wa ng'ombe n'kupatsidwa chingwe cha mbuzi. Alibe l, amangoti r ponseponse. Zilembo s ndi z amazitchula lilime litagunda mano, ngati mwana wachibwana cholankhula. Ahimba ali ndi mwambo wochotsa mano anayi akutsogolo a m'munsi mwana akafika zaka 10 mpaka 12, ndipo ena mwa eni ake amati chilankhulo chawo chimatuluka bwino m'kamwa motero.

Mawu oti ombura amatanthauzanso chaka, ndipo kale zaka sankaziwerenga ndi manambala. Chaka chilichonse chinkapatsidwa dzina la chinthu chachikulu chimene chinachitika m'menemo, kaya ndi chilala, mliri wa ng'ombe, imfa ya mfumu kapena nkhondo. Nkhalamba imatha kutchula maina a zaka motsatizana kubwerera m'mbuyo, ndipo wofufuza wina, Gordon Gibson, anasonkhanitsa ndondomeko zoterezi n'kuzisindikiza mu 1977. Anthu amene amasunga mbiri mwa njira imeneyi si anthu oti nthawi inawaima. Ngakhale moni wawo wofala, moro, anachokera ku moni wa m'mawa wa Mabunu ndi Majeremani.

Chiherero cholembedwa chinachokera ku kalankhulidwe ka pakati pa dziko, kumene amishonale anayambira ntchito. Mmodzi mwa iwo, Carl Hugo Hahn, anasindikiza buku la malamulo a chilankhulochi mu 1857. Mabuku a sukulu ndi wailesi amatsatira kalankhulidwe kameneko, choncho mwana wachihimba akalowa m'kalasi amakumana ndi Chiherero cha abale ake a kummwera, pambuyo pake Chingerezi, chimene ndi chilankhulo cha boma. Oyandikana nawo monga Azemba, Ahakaona ndi Akuvale amalankhula zilankhulo za banja lomweli. Ku Gabon kulinso kachilankhulo kena kotchedwa Himba, ka anthu ochepa kwambiri a m'nkhalango, koma amenewo ndi ena, dzina lokha ndilo linakumana.

Pali nkhani ina imene inafala kwambiri, yoti Ahimba satha kuona mtundu wa buluu. Chiyambi chake ndi kafukufuku weniweni. Debi Roberson, Jules Davidoff ndi anzawo anapeza kuti Chihimba chili ndi mawu akuluakulu asanu a mitundu: serandu wa zofiira, vapa wa zoyera, zoozu wa zakuda ndi zoderapo, dumbu wa zachikasu ndi zotuwira, ndi burou amene amaphimba zobiriwira ndi za buluu pamodzi. Iwo anasonyeza kuti malire amene chilankhulo chimaika pakati pa mitundu amakhudza momwe munthu amakumbukirira ndi kusanja mitunduyo. Basi. Koma mu 2011 pulogalamu ina ya pa kanema ya BBC inaonetsa Mhimba akulephera kuloza kabokosi ka buluu pakati pa tobiriwira, ndipo dziko lonse linatengeka. Pambuyo pake zinadziwika kuti zimene zinaonetsedwazo zinali zongokonzera kamera, sizinali zotsatira za kafukufuku wosindikizidwa. Ife nkhaniyi iyenera kutiseketsa, chifukwa nafenso agogo athu ankati kubiriwira ponena za msipu ndi thambo lomwe, ndipo buluu tinachita kubwereka, monga momwe iwo anabwerekera burou kwa azungu. Palibe anati agogowo anali akhungu. Mufunseni Mhimba yemweyo za maanga a ng'ombe, mutopa ndinu.

Kuti timvetse chifukwa chake kulandidwa ng'ombe kunasintha dzina la anthu onse, tiyenera kulowa m'mudzi wawo, umene amati onganda. Nyumba zimazungulira khola. Pakati pa khomo la nyumba yaikulu ndi chipata cha khola pali moto wa makolo, okuruwo, ndipo mlendo saloledwa kudutsa pakati pamenepo asanalandiridwe. Usiku mkazi wamkulu amatenga khala la motowo n'kukalisunga m'nyumba, m'mawa n'kulibwezera. Mwini mudzi amakhala pamotopo polankhula ndi makolo, amene amapereka mawu kwa Mukuru, Mulungu. Pali ng'ombe zopatulika zimene mkaka wake sumwedwa mwini mudziyo asanaulawe. Mwana amapatsidwa dzina pamotopo, mkwatibwi amalandiridwa pomwepo, ndipo mkulu akamwalira ng'ombe zimaphedwa, nyanga zake n'kuikidwa pamanda. Munthu wopanda ng'ombe alibe mkaka wolawa, alibe cholowolera, alibe choperekezera bambo ake. Njala ya m'mimba inali mbali imodzi chabe ya umphawi umene Angambwe anauona pakhomo pawo.

Mhimba aliyense ali ndi mafuko awiri. La kuchimuna ndi oruzo: limeneli ndilo la moto, ng'ombe zopatulika ndi zoletsa, monga mtundu wa ng'ombe umene banja silingawete kapena kudya. Mkazi amapita ku chitengwa n'kulowa mu oruzo wa mwamuna wake. La kuchikazi ndi eanda, ndipo chuma chimayenda m'menemo: ng'ombe zambiri za mwamuna akamwalira zimapita kwa abale ake a bere limodzi ndi kwa ana a mlongo wake. Mnyamata amakulira kwa bambo, koma maso ake ali pa khola la amalume. Popeza alongo amakwatiwa m'madera osiyanasiyana, munthu amakhala ndi abale mbali zonse za dziko louma lija. Wolemera saunjika ng'ombe zake pamodzi. Amazibwereketsa kwa achinyamata a fuko lake, uyu zisanu, uyo khumi, kuti azimwa mkaka n'kumaziweta kutali. Chilala chikapha za kuno, za uko zimatsala. Chibale ndi fupa, sichiola, ndipo kumeneko fupalo ndi limene limadzutsa khola.

Dongosolo limeneli linayesedwa koopsa pakati pa 1980 ndi 1982. Chilala chinapha pafupifupi ng'ombe 9 pa ng'ombe 10 zilizonse, nkhondo ya pakati pa gulu lomenyera ufulu la SWAPO ndi asilikali a South Africa ili m'kati. Mabanja anakhamukira ku Opuwo n'kumanga zisakasa za makatoni ndi mapulasitiki, kudikira ufa wa chithandizo. Anyamata ambiri analowa usilikali wa South Africa pofuna malipiro. Ambiri oona anati Ahimba atha. Koma mvula itabwerera, anayambanso ndi mbuzi, zimene zimaswana msanga, n'kumazisinthanitsa ndi ng'ombe zazikazi. Ena anagula ndi ndalama za usilikali, ena anabwereka kwa amalume amene zawo zinapulumuka. Pofika m'ma 1990 makola anali atadzazanso.

Namibia italandira ufulu pa 21 Malichi 1990, vuto linabwera ndi nkhope ina. Boma linafuna kumanga damu la magetsi pa mtsinje wa Kunene pafupi ndi mathithi a Epupa. Madzi akanamiza msipu wa m'mbali mwa mtsinje umene ziweto zimathawirako pa chilala, migwalangwa imene zipatso zake zimapulumutsa anthu pa njala, ndi manda ambiri a makolo. Akuluakulu ena a boma ankaona ngati za mandazo ndi kukakamira zachikale. Sankamvetsa kuti kumeneko manda ndiwo chikalata cha malo: banja limene lili ndi manda akale kwambiri pamalo ndilo lili ndi mawu pa msipu ndi zitsime za pamenepo. Mfumu Hikuminue Kapika inatsogolera kukana, inagwirizana ndi maloya, inafika mpaka ku Ulaya kukadandaula, ndipo pulani ya Epupa inaikidwa pambali. Maboma a Namibia ndi Angola anatembenukira kumalo ena kumunsi kwa mtsinje, ku mapiri a Baynes, ndipo mkangano unasamukira kumeneko. Mu 2012 mafumu a Ahimba ndi Azemba analemba madandaulo awo ku United Nations ndi ku African Union. Kuwonjezera pa za damu, anadandaula kuti boma silizindikira ambiri mwa mafumu awo, kuti migodi ikutsegulidwa m'dera lawo iwo osafunsidwa, ndi kuti ana awo akapita kusukulu amakakamizidwa kumeta tsitsi ndi kuvula zovala za kwawo asanalowe m'kalasi.